Phazi Lako Lamanzere, Selestina

Selestina, mzime wanga,

Kalatayi waipeza mu sapatilya yakumanzere. Sindinaiike m'menemo mwangozi. Ndinadziwa kuti ndikakupatsa pamanja uitsekera m'Baibulo n'kudzaiwerenga pa Khirisimasi, koma nsapato sungaivale usanachotse zimene zili m'kati. Ndiye khala pansi, inzakeyo ngati wavala kale uvule, uwerenge mpaka kumapeto. Chingwe cha khonje chimene ndakulungiramo usataye. Tifikako.

Akulemba ndi amayi ako. Ine ndikuyankhula, iwo agwira kaneta, takhala pansi pa mango uja wa kuseri kwa nkhokwe, iwe uli kwa azakhali ako kukatsazika. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, asakometse, asachotsepo. Ine pakhomo pa shikola sindinapondepo, ndipo sindichita nazo manyazi. Zilembo za papepala zinandidutsa, koma za pansi ndimawerenga kuposa purufesoli aliyense wa kuno ku Malowera. Ndinayamba ndi mapazi a mbuzi za atate wanga ndisanagule mano. Mbuzi ikadutsa ndimadziwa ngati ili ndi bere, ngati yakhuta, ngati yalasidwa ndi minga. Ndiye mwana wanga wobala ndekha ndingalephere kumuwerenga?

Ndaona mapazi ako pa mchenga wa kudambo, pamene umadutsa m'mawa uliwonse. Masabata atatu apitawa phazi lamanzere lasintha. Likuponda mwamantha. Silikuzama ngati linzake, chala chachikulu chikuloza kunja, ndipo likufulumira kunyamuka ngati laponda phulusa lamoto. Pakhomo umayenda bwinobwino, ukandiona umawongoka ngati msilikali. Koma dzana ndinakuona kuseri kwa khola ukusisita msongolo ndi chala chimodzi, pamalo amodzi. Nkhope imatha kunama, mwana wanga. Mchenga sunama.

Chimene wakhalira chete ndikuchidziwa. Mawa ukwera kamiyao, lole ya ku Tete ija. A purufesoli Damiyao, amene anakuona ukuthamanga n'kukupezera malo ku shikola ya kumeneko, ananena poyera kuti sabata yoyamba kukakhala mpikisano wosankha ana olowa m'gulu la othamanga, ndipo osankhidwawo ndi amene azikagona ndi kudya pashikola. Ukuopa kuti ukatchula za mwendo akakubweza, utsike pa kamiyao yemweyo mudzi wonse ukuyang'ana. Mantha ako ndawamva. Tsopano umve anga. Koma ndiyamba ndi zing'onozing'ono, chifukwa chachikulucho chikufuna kuti ndikoke kaye mpweya.

Titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, kwathu ku Chipera kunalibe msewu wodalirika, kunalibe telefoni. Pakagwa maliro, mwana akadwala, padiri akamabwera kudzabatiza, uthenga unkayenda pa miyendo yanga. Anthu anafika pondipatsa dzina loti Telefoni, ndipo ndinkalikonda kuposa dzina langa la ubatizo. Ndikamadutsa m'midzi ndinkaponya phazi patali kuti atsikana a pamtondo aone, chidendene n'kumenya pansi bondo lili chiwongokere. Madzulo mawondo ankatupa ngati maungu, ine n'kumati ndiye ntchito imeneyo. Tsiku lina mkulu wina, a Chimbalanga, amene ankanyamula makalata nthawi ya Apwitikizi, anandiimitsa atakhala pa chitsa. Anati, "Iwe mnyamata, ukuthamanga kapena ukuyeza munda?" Anzanga anaseka. Ndinakwiya nawo mwezi wathunthu, koma mawu awo anali oona. Anati phazi lizigwera pansi pa iwe mwini, osati kutsogolo kumene sunafike. Ukaliponya patali, mwendo umasanduka mtengo wotsekera khola, umakuimitsa pamene iwe ukufuna kupita, ndipo bondo ndi limene limalipira. Taonera nkhanga ikamathawa: timapazi tafupitafupi, tofulumira, thupi litapendekera pang'ono kutsogolo, ndipo galu amabwerako lilime lili panja. Iwe Selestina, ukatopa umayamba kuyeza munda ngati atate ako. Ndaona pamchenga: popita zidendene zako sizioneka kwenikweni, pobwera zimakumba maenje. Ukatopa fupikitsa, usatalikitse. Ndipo uzidzimvetsera. Ngati mapazi ako akuomba pansi mpaka agalu kukumva usanafike, ukulakwitsa. Wothamanga bwino amadzidzimutsa nkhuku.

Nthawi ina padiri anandipatsa mabota, akuti Telefoni asamayende chabe. Anali akuda, onunkhira sitolo. M'malo moti ndiwazolowere ndikupita kumunda, ndinawavala tsiku lomwelo kupita nawo ku Chiputo, kopanda ndi meya yomwe m'kati, sokosi zija. Dzuwa lisanafike pamutu matuza anali ataphulika, chikhadabo cha chala chachikulu chitada bii. Ndinabwerera mabota ali pakhosi, ndikuyenda ngati bakha. Chikhadabocho chinathothoka, ndipo chimene chinamerapo umachidziwa, unkachiseka uli wamng'ono. Sapatilya zakozi n'zatsopano, ndipo phazi lako lakulira pa dothi. Uziyenda nazo kaye, kuchigayo, kutchalitchi, kulikonse, zidziwe phazi lako, phazi lako lizidziwe. Meya zikhale zouma. Pakati pa chala chachikulu ndi kutsogolo kwa nsapato pazikwana chala chako chamanthu. Ndipo dziwa kuti msewu wa phula si mchenga wa kudambo. Dothi lathu limalandira phazi, phula limabweza. Ukapeza udzu kapena dothi m'mbali mwa msewu, thamanga pamenepo, anzako aziseka ngati akufuna.

Pamenepa ndikuuze chimene ndikuganiza kuti chinakupweteka. Tsiku limene a Damiyao anabwera ndi uthenga wa ku Tete, unkathamanga kamodzi patsiku, kukafika pamlambe n'kubwerera. Mawa lake unayamba kawiri patsiku, kupitirira mlambe mpaka kumsika, pa msewu wouma gwa, utavala nsapato zimene phazi silinazizolowere. Mtima unali wokonzeka, fupa linali lisanamve uthengawo. Mwana wa ng'ombe sitimumangirira ngolo yodzaza tsiku loyamba. Timayamba ndi goli lokha, kenaka chipika chaching'ono, kenaka ngolo yopanda kanthu. Mtunda uziwonjezera pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ndipo usawonjezere mtunda ndi liwiro nthawi imodzi. Pa sabata pakhale tsiku loti miyendo ipume, ngakhale ikukuyabwa. Kupuma si ulesi. Munda umene sugonera umatha mphamvu.

Chaka china m'nyengo yozizira, mwezi wa chisanu chobaya, munthu anagogoda m'bandakucha kuti ndikaitane azamba kutsidya. Ndinadzuka pamphasa n'kuliyatsa liwiro pomwepo, ngati kuti thupi linali likundidikirira pakhomo. Ndisanafike kumtsinje, kumbuyo kwa ntchafu kunachita ngati wina wandilasa ndi mkondo. Azamba anaitanidwa ndi mayi wina wokalamba amene anangoyenda wamba, ndipo anandidutsa ndili chikhalire pa chulu. Anati, "Telefoni yaduka chingwe lero?" Luzi louma ukalikoka limaduka, uliviike kaye. Usanathamange uziyenda kaye mwandawala, kenaka thamanga ngati ukutsata mbuzi imene sikuthawa, ugwedeze miyendo kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka kathukuta kaoneke pamphumi. Pamenepo thupi ladzuka. Ukamalizanso usadzigwetse pansi ngati thumba la chimanga. Yendayenda mpaka mtima utsike.

Za mapewa ndi manja ndinaphunzira mochedwa, nditavutika ndi khosi zaka zambiri. Ndinkathamanga nditafumbata zibakera ngati ndikukamenya munthu, mapewa ali m'makutu. Mphamvu imene imathera m'chibakera siifika kumiyendo. Manja azikhala ngati wagwira kamwanapiye, kosakafinya, kosakagwetsa. Zigongono zizipita kumbuyo, zisamapingase pachifuwa. Maso asamayang'ane zala zako, zala zikudziwa kumene zili. Yang'ana patsogolo pang'ono, pamene ukufuna kukaponda. Potsika mtsetse usadziponye ngati mwala. Fupikitsa mapazi, bondo likhale lofewa. Mtsetse wapweteka anthu ambiri kuposa chitunda. Ndipo paja ndinkakuimiritsa ndi mwendo umodzi ukamatsuka mano iwe n'kumati ababa apenga? Usasiye. Kumalimbitsa kakolo ndi chiuno. Amene chiuno chake n'chofooka, bondo lake limagwera m'kati.

Ku Tete kumatentha, osati kutentha kwathu kwa kumapiri kuno. Ndinapitako kamodzi ndipo nsabwe zimene ndinapita nazo sizinabwerere. Uzithamanga m'mamawa. Uzimwa madzi tsiku lonse, osadikira kuti kukhosi kuume. Mutu ukayamba kuzungulira, ima, pita pamthunzi. Palibe mendulo imene amapereka kwa munthu wokomoka.

Awa ndi mawu anga, ine mayi ako. Atate ako apita kukatulutsa mbuzi imene yalowa m'dimba, ndiye ndilembeko zanga asanabwere. Uzidya, mwana wanga. Asakunamize munthu kuti woonda ndiye amathamanga. Nyemba, mtedza, mazira, nsomba, masamba, chilichonse chimene apereka, malizitsa. Ndakuikira mtedza ndi malambe pansi pa chitenje. Ndipo ukaona kuti kumwezi kwasiya kubwera chifukwa cha kuthamanga, usasangalale kuti wapumula. Thupi likukuuza kuti chakudya chikuchepa, ndipo mafupa amafooka nazo. Pita kwa anamwino. Zimene atate ako akufuna kunena kutsogoloku, uzimve bwino. Chiyambire m'mawa sanadye.

Ndabwera. Amayi ako akuti sanalembe kanthu ndili uko, koma pepala ndaliona kuti lada kuposa mmene ndinalisiyira. Zisiyeni.

Ululu uli pawiri, Selestina. Pali ululu wa nyama, umene umabwera miyendo yonse iwiri utagwira ntchito, umafalikira, ukayamba kuyenda umasungunuka. Umenewo ndi mlendo, amagona masiku awiri n'kupita. Ndiye pali ululu umene umakhala pamalo amodzi, pafupa, woti ungauphimbe ndi nsonga ya chala. Ukathamanga sukuchepa, ukukula. Ukadumpha ndi mwendo umenewo ukubaya. Umenewo si mlendo, ndi chiswe. Mzati umaoneka wabwino kunja mpaka tsiku limene denga likugwera. Ululu wako ndi wachiwiriwu. Ndaudziwa chifukwa ndinaona chala chako chimodzi chija. Inenso ndinasisitapo chimodzimodzi, mwendo womwewo.

Amayi ako aima kulemba. Akuti, "A Phiri, mukufunadi kuti ndilembe zimenezi? Pepala silifa." Ndati lembani, Nabanda. Ndati lembani.

Iwe ndi abale ako mumadziwa kuti ndimatsimphina chifukwa ndinagwera m'mbuna ndikuthamangira mankhwala a mwana wodwala. Ndinakuuzani choncho, ndinauza mudzi uno choncho pamene ndinabwera kudzakhala kwawo kwa amayi ako, ndipo kutchalitchi anandiombera m'manja chifukwa cha nkhani imeneyo. Kunalibe mbuna. Kunalibe mwana wodwala.

Kunali njinga. Mnzanga wina, Jowakimu, anabwera nayo kuchokera ku Zambia, ndipo anthu anayamba kumupatsa iye mauthenga. Ana amene ankakuwa kuti Telefoni, Telefoni ndikamadutsa anayamba kuthamangira belu. Zinandiwawa kuposa mmene ndinganenere. Ndinayamba kuthamanga m'mawa ndi madzulo, kopanda uthenga uliwonse, kungoti andione. Msongolo wamanzere unayamba kuwawa pamalo amodzi. Ndinkaumanga ndi luzi pansi pa buluku, n'kumaseka. Tsiku lina pamowa ndinamuputa Jowakimu pamaso pa anthu, ndati chitsulo chakocho ndichisiya m'mbuyo kuchoka pano kukafika kumsika wa kutsidya. Iye sanafune. Anati, "Achimwene, mwendo wanuwo mukuukoka, ndakuonani. Tidikire uchire." Ndinati amene akuopa anene poyera kuti akuopa.

Ndinasankha tsiku loti mvula yagwa usiku. Matope anamata matayala ake, iye n'kuinyamula njinga paphewa, ine ndikudutsa. Ndinapambana, mwana wanga. Zimenezo zokha n'zoona ndipo ndizinenabe. Kumsika anandinyamula m'mwamba. Mwendo unkatentha ngati muli khala la moto, koma pakamwa panga panali mano okhaokha.

Pobwerera Jowakimu anati, "Kwerani kumbuyoku, achimwene, mwapambana kale. Palibe akuona." Ndinakana. Ndinati ine sindikwera chinthu chimene ndachigonjetsa. Ndinauyamba wothamanga kuti akandipeze ndafika. Pa mtsetse wa miyala, ndili ndekhandekha, ndinamva kuti thyo, ngati phesi la chimanga louma. Sindinapunthwe, sindinagunde kanthu. Fupa linangotopa nane.

Anandipeza ndi Jowakimu yemweyo. Anandikweza pa njinga ija, iye akukankha, ine ndagwirira chishalo ngati mkwatibwi. Anafuna kupita nane kuchipatala. Ndinakana kachiwiri, chifukwa kumeneko akanafunsa, ndipo nkhani ikanamveka. Ndinamupempha kuti tinene za mbuna. Anati, "Chabwino. Koma mbunayo mwakumba nokha." Anasunga chinsinsi changa mpaka kulowa nacho m'manda. Tinamangirira mwendo ndi timitengo kunyumba, ndipo fupa linalumikizana mmene linafunira lokha. Mwendo wanga wamanzere ndi waufupi zala zitatu kuposa unzake.

Miyezi iwiri itapita, ndikadali pamphasa, uthenga unabwera kuti amayi anga, agogo ako amene sunawaone, adwala kwambiri kwa mlongo wanga ku Chiputo. Mitsinje inali itadzaza, njinga sikanadutsa, ngolo sikanadutsa. Ulendo umenewo unali wa miyendo, ndipo miyendo yanga inkaudziwa mwala ndi mwala. Ine amene ndinathamangira maliro a anthu onse, ndinafika kwa amayi anga ndi ndodo, mtumbira utamera kale udzu.

Ndikanapuma masabata ochepa, ndikananena kuti abale, mwendo ukuwawa, bwenzi anthu ataseka tsiku limodzi n'kuiwala. Ndinagula tsiku limodzi losasekedwa ndi miyendo ya moyo wanga wonse. Ukumva, Selestina? Msika umenewo usakapitenso iwe. Banja lino linalipira kale.

Tsopano chingwe. Chiyambire chaka chatha, iwe ukadutsa kudambo ine ndimatsika pambuyo pako ndi chingwechi, mchenga usanapondedwe ndi ng'ombe. Amayi ako ankati ndikukaona misampha. Uona kuti chili ndi mfundo ziwiri kumapeto. Yakunsongayo ndi mpata wa mapazi ako uli bwino, kuchoka pa chala cha phazi ili kufika pa chala cha linzake, ukuthamanga mosapanikizika. Miyezi yonseyi mbali zonse ziwiri zinkafika pa mfundo imeneyo, ngati mapasa. Mfundo yachiwiri ndamanga lero m'mawa. Ndi pamene ukufika tsopano ukamanyamuka ndi mwendo wamanzere. Ika zala zako pakati pa mfundo ziwirizo uwerenge. Ine nditaika zanga ndinakhala pansi pamchenga pomwepo, ndipo sindinadzuke msanga.

Chimene ndikukupempha n'chimodzi. Ukafika, usanavale nsapato iyi, usanaime pamzere ndi anzako, pita kwa mphunzitsi wa zothamanga. Umuuze kuti msongolo ukuwawa pamalo amodzi, umuloze ndi chala, upemphe kuti akutumize kuchipatala akaone fupa. Ngati pakamwa pauma, mupatse chingwechi ndi kalatayi awerenge yekha. Manyazi ali m'menemu ndi anga, si ako. Ine sindine dotolo. Mwina akakuuza kuti ndi kanthu kakang'ono, upume masabata angapo basi. Akakati upume, puma ndithu, osati kupuma kozemba m'mamawa. Ndipo ukadzayambiranso, yamba ndi goli lokha. Upeze mchenga kapena dothi lonyowa, uthamangepo, ubwerere ukayeze. Tsiku limene mbali zonse ziwiri zidzafike pa mfundo yakunsonga popanda ululu, umasule yachiwiriyo.

Sindikunamiza kuti sadzakubweza. Sindikumudziwa munthuyo. Ngati amadziwa ntchito yake, aona kuti mwana amene wanena zoona za mwendo wake ndi amene adzathamange zaka khumi. A Damiyao ndawauza kale kuti ndikufuna kuyankhula nawo mawa kamiyao akachoka, ndipo telefoni yawo ndi yeniyeni, imafika ku Tete. Koma mawu oyamba akhale ako. Mwendo ndi wako.

Ngati akakubweza, bwera. Mpikisano umabweranso chaka ndi chaka ngati mango awa. Ukatsika pa kamiyao udzandipeza ndaima pamsewu, ndipo palibe amene adzakhale ndi mpata wokuseka, chifukwa adzakhala akuseka ine. Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, ndiimirira ndi ndodo yanga ndiwauze za mbuna. Ndiwauza za njinga, za mkwatibwi wa pachishalo, zonse. Amayi ako akuti sindingathe. Akuti munthu amene anakana kukwera njinga mwendo uli moto sangaimirire pamaso pa mpingo. Tapangana kuti ndikalephera, iwo aimirira anene okha, ndipo ukuwadziwa amayi ako, awonjezerapo ndi zina.

Ndiye ine Lamulungu, iwe Lolemba. Ine ndayamba kale, papepala pano. Tsopano ndikuyembekeza iwe.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo phazi lizigwera pansi pa iwe mwini.

Amayi ako apaka inki ya kaneta pa chala changa kuti ndidinde m'munsimu. Chadetsedwa pang'ono, koma ndi changa.

Ndine atate ako,
Kandido